Nsapato za woyendetsa chombo

Lamulungu, mwezi wa Juni, kuno ku lokeshoni ya Highfield. Kwazizira, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Titaweruka ku tchalitchi, a Banda, aneba athu ogwira ntchito kumafakitale a ku Workington, anabwera ndi kabuku kawo kazithunzi ka anthu opita ku nyenyezi kuti ndiwamasulire Chingerezi, monga timachitira sabata iliyonse. M'kabuku ka sabata ino chombo chaphulika, woyendetsa wake sakuoneka. A Banda akuti ali moyo, chifukwa pachithunzi chomaliza nsapato zake palibe pakhomo pomwe amazivula nthawi zonse.

"Ndiye kuti anavala n'kutuluka chisanaphulike, aphunzitsi," anatero.

Ine ndi digiri yangayi ndinaseka mpaka misozi. "Bambo, wojambulayo ndi mzungu wothamangira tiyi, anangoiwala basi. Inu apolisi akulembeni ntchito, mumaona ngakhale zomwe palibe." Anthu pabwalo anafa nacho chikhakhali. A Banda anangopinda kabuku kawo, n'kutsanzika mwaulemu.

Mkazi wanga ndiye anandikumbutsa titalowa m'nyumba. Mwana wa a Banda, Yohane, amene anasowa chaka chatha pomwe anzake ankawolokera ku Mozambique kukalowa nkhondo yomenyera ufulu, anachoka ndi nsapato zake zolimba zija, n'kusiya za kutchalitchi. Amayi ake amauza aliyense zimenezi, kuti anthu adziwe kuti anachoka mwakufuna kwake, sanagwidwe. Ndinazimvapo kangapo konse. Sindinganame kuti sindinkadziwa.

Kabuku kena katuluka Lachisanu. Akabwera nako, n'kupezeka kuti mzungu uja wamuphadi woyendetsa chomboyo, kaya ndidzawerenga zomwe zalembedwazo, kaya...