Chithunzi chaonetsa kuti sindinkanama

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndili ndi zidzukulu. Moyo wanga wonse ndakhala ndikunyamula makesi a mapulamu m'munda wa amuna anga, a Milisav. Ndi ntchito imeneyo komanso uchembere, chiberekero changa chinayamba kutsika. Ndikatsokomola kapena kuseka, mkodzo unkadontha. Zaka zingapo zapitazo anandichita opaleshoni, n'kundiika kaukonde kam'kati koti kazigwira ziwalozo.

Kudonthako kunathadi, koma panabwera ululu wina. Ndikakhala pampando ndinkamva ngati singano. Kukhalira limodzi ndi bambo kunasanduka chilango. Nditabwerera kuchipatala, dokotala anangondipima ndi manja n'kunena kuti, "Chilonda chinapola bwinobwino, mayi. Zinazo ndi maganizo." A Milisav anali pomwepo, ndipo mawu amenewo anawasunga.

Kuyambira pamenepo, ndikabuula ankati, "Radojka, dokotala anati wapola. Ngati watopa nane ungonena." Pamadyerero apachaka okumbukira woyera mtima amene amateteza banja lathu ndinalephera kuimirira kukhitchini, ndipo mlamu wanga Dragica anandiseka pamaso pa alendo: "Taonani adona, opaleshoni imodzi yokha asanduka galasi!" Anthu anaseka, amuna anganso anaseka nawo. Pamapeto pake anasamutsira bedi lawo m'kanyumba ka kumunda komwe amatchezera rakija, kachasu wa mapulamu. Ineyo ndinayamba kukhulupirira kuti mwina mutu wangadi sukuyenda bwino, ndipo ndinasiya kudandaula.

Mwezi wathawu mwana wanga Snežana anandikokera kumzinda wa Niš kwa dokotala wina, wamkazi. Ndinakhala pabenchi limodzi ndi atsikana apakati, chifukwa makina ojambulira ndi omwewo. Mmodzi anandifunsa mwanthabwala kuti, "Agogo, inu ndi miyezi ingati?" Dokotalayo pondijambula anati, "Kankhani ngati mukubereka." Kenako anatembenuza kanemayo kuti ndione. Panali kamzere koyera kopindika. Anati, "Ukonde uja ndi umenewu. Unakwinyika, ndipo ukukanikiza chikhodzodzo. Mwapirira bwanji nthawi yonseyi?" Aphungu, ndinalira mokweza ngati pamaliro.

A Milisav, omwe anatiperekeza, sanalowe, anatsala m'galimoto akusuta. Nditawapatsa chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kuti, "Ndiye kuti sunkanama?" Mawu amenewo andipweteka kuposa ukondewo.

Tsopano abwerera m'nyumba. Amandiphikira khofi, amandilanda chilichonse chomwe ndanyamula, koma ndikawaona mtima umandiwira. Ndikulira zaka zanga zomwe zapita pachabe. Adokotala akuti adzandiunika m'chikhodzodzo ndi kakamera, ndipo mwina pafunika opaleshoni ina. Ndikuopa mpeni wachiwiri. Kodi ndivomere? Nanga bambowa ndiwatani?

R.M., Kruševac

Mayi R.M.,

Choyamba, mutu wanu uli bwinobwino, ndipo unali bwino nthawi yonseyi. Munkanena zoona, anthu ndiwo sanamve. Lirani zaka zimenezo momasuka. Sindikunamizani kuti zibwerera.

Koma musasakanize nkhani ziwirizi. Ya thupi ndiyo yofulumira.

Pitani mukaunikidwe ndi kakamerako. Chithunzi chija chaonetsa pomwe ukonde uli, koma kuunikako n'komwe kunganene ngati walowa m'chikhodzodzo. Zotsatira zikatuluka, funani dokotala amene anazolowera kuchotsa maukonde otere, pakuti si aliyense wodziwa kuika amene amadziwanso kuchotsa. Mufunseni mosachita manyazi: achotsa wonse kapena mbali chabe? Kudontha kuja kungayambirenso? Ululu udzatheratu kapena udzangochepa? Nanga mukapanda kuchitidwa opaleshoni chingachitike n'chiyani? Dokotala wabwino sadzakulonjezani zakumwamba. Tengani Snežana azikakuthandizani kumva, chifukwa munthu wamantha amamva theka. Pemphaninso zithunzi zanu zonse muzisunge nokha. Kuvomera kapena kukana n'kwanu, koma musankhe mutamva mayankho, osati chifukwa cha mantha okha.

Tsopano a Milisav. Anakulakwirani. Dokotala woyamba uja anawasokeretsa, inde, koma kuseka nawo pagulu anaseka okha. Khofi ndi wabwino, koma khofi si kupepesa. Amuna ambiri a msinkhu wawo amapepesa ndi manja chifukwa pakamwa pamawalemera. Inu musavomere kuti zithere pomwepo. Akhazikeni pansi masana, muli awiri, muwauze chomwe chinakupwetekani, mawu ndi mawu, kuphatikizapo funso lija la m'galimoto. Mukatha khalani chete, muwasiye avutike nawo okha mayankho. Ulendo wotsatira wa kuchipatala asatsale panja. Alowe, akhale pampando, amve ndi makutu awo. Ndipo popeza anakunyozetsani pamaso pa abale, pamaso pa abale pomweponso akanene kuti analakwitsa. Dragica akamve kwa iwo, osati kwa inu.

Kukhululuka musakuthamangire. Kukabwera kudzabwera pang'onopang'ono, ndipo palibe amene ayenera kukuikirani tsiku. Za kuchipinda nazonso zidikire mpaka thupi litalola.

Chenjezo langa ndi ili: mukaona magazi mumkodzo, mukatentha thupi, kapena mkodzo ukakana kutuluka, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, pitani kuchipatala pompo. Ndipo makesi aja asiyeni. Mapulamu a chaka chino akaolera pansi, aole. Inu mwanyamula zokwanira.

Phungu wanu