Polira Bambo Norbert Msusa, Amene Anatisungira Munda

Kwa Mayi Mirriam Msusa, ana, abale a kuno ndi a ku Dedza, mamembala onse a bungwe la Tilime Limodzi, ndi onse amene uthenga uno uwapeze,

Ine Webster Nkhwazi, wapampando komanso woyambitsa bungwe lino, ndadzidzimuka ndiponso ndasweka mtima ndi imfa ya mlembi wathu, Bambo Norbert Msusa, amene atisiya Lachiwiri lapitali kuchipatala ku Scarborough, kuno ku Toronto, atadwala mtima kwa nthawi yochepa. Ndayenda maiko ambiri, ndagonapo pasiteshoni ku Joni ndipo ndadyapo ndi akuluakulu ku Dubai, ndaperekeza abale ndi abwenzi kumanda a mitundu yosiyanasiyana, koma palibe uthenga umene unandipweteka ngati umenewu, moti ndinapatutsa galimoto pamsewu wa 401, osadziwa kumene ndimapita.

Kwa amene sadziwa mbiri yathu, munda umene timalimamo chimanga, nkhwani ndi bonongwe kumpoto kwa Scarborough si wathu. Ndi malo otetezedwa, ndipo a boma anatibwereka pa pangano lakuti munda ukhalebe munda, dambo la kumunsi lisaone khasu, ndipo khola lakale lamiyala, limene linamangidwa agogo athu asanabadwe, lisasinthidwe ngakhale mwala umodzi popanda chilolezo. Chaka chilichonse chisanu chisanafike timapereka lipoti ku boma losonyeza kuti pangano talisunga, ndipo akapeza kuti tamangapo kapena tagumulapo kanthu, mundawo atilanda. Amene anakambirana ndi akuluakulu mpaka kutipatsa malowa ndine, ndipo sindibisa, pakuti chingerezi changa ndinachinolera m'maofesi a maiko atatu. Koma kupeza munda n'kwina, kuusunga n'kwina, ndipo amene anatisungira ndi Bambo Msusa.

Iwowa, ataweruka kuntchito yawo yosamalira okalamba ku Etobicoke, ankadutsa mzinda wonse pabasi ndi pasitima kuti akafike kumunda dzuwa lisanalowe. Anakhoma zikhomo m'malire, ndipo chaka ndi chaka ankaima pachikhomo chomwecho, kuyang'ana mbali yomweyo, n'kujambula chithunzi, kuti wa ku boma akaika cha chaka chino pambali pa cha chaka chatha aone mtengo womwewo, mpanda womwewo ndi denga lomwelo. Ankalemba mbewu zimene tabzala, manyowa amene tathira, ngakhale mbalame zimene zaikira mazira m'dambo. Anatiphunzitsa kukwirira mapesi, ife amene tinakula tikudziwa kuti munda umayera ndi moto. Khoma la khola litang'aluka, amuna anzathu atabwera ndi simenti mwachangu chawo, anawabwezera pageti, nakafuna mmisiri wodziwa kumanga ndi laimu monga ankachitira akale. Lipoti lawo silinachedwepo ndipo silinabwezedwepo, ndipo akatumiza ankandiimbira foni n'kunena kuti, "Apampando, ndasabimita. Mukhoza kukadzitama tsopano." Ndipo ndinkadzitamadi, kutchalitchi, paukwati, ngakhale m'ndege.

Tsopano ndiyenera kulankhulapo pa nkhani imene yafala kale m'mafoni mwanu. Lachinayi masana, pasiwa kunyumba kwa malemu, ndinaimirira pakati pa anthu n'kulengeza kuti timanga chipilala cha Bambo Msusa pamwamba pa munda, chamwala wonyezimira ngati umene ndinauona ku Italy, chachitali choti woyendetsa ndege yotera pabwalo la ndege la Pearson azichiona. Nonse mukudziwa kuti kwathu munthu wotere sapita popanda mwala wolembedwa dzina lake, ndipo nonse munavomera ndi mtima umodzi. Bambo Yahya, amene amayendetsa lole, anati mchenga ndi njerwa afika nazo Loweruka, ndipo amayi a kwaya anati madzi atunga ndi iwo.

Pamenepo Mayi Msusa, amene anakhala pansi pakati pa amayi anzawo, anandikodola.

"Alamu, tagwadani kaye, mwatalika kale."

Ndinagwada.

"Chipilala chanucho muchiika pati?"

"Pachikhomo chapamwamba paja ankakonda kuima, mayi, kuti aliyense azichiona."

"Ndiye kuti a boma nawonso achiona. Bambo a Nthanda ankandibweretsera matope m'nyumba muno chaka chilichonse kuti chithunzi cha chaka chino chifanane ndi cha chaka chatha. Lero sanaikidwe n'komwe, inu mukufuna kulemba dzina lawo pamwala umene utilanditse munda? Nkhwani tizikathyola kuti, ku Italy kwanuko?"

Amayi ena anaseka misozi ili m'masaya. Ine ndatsutsanapo ndi a kasitomu m'malire a maiko, ndatsutsanapo ndi mabwana a mabanki, ndipo kawirikawiri wotuluka akumwetulira ndimakhala ine, koma pamenepo ndinangoti, "Ndamva, mayi." Iwo anatuma munthu kuchipinda, natenga kamera ya malemu n'kundiika m'manja. "Zithunzi za chaka chino sanajambule," anatero. "Masamba ayamba kuyoyoka. Inu okonda kuonekera, kaimeni pachikhomo."

Choncho, monga wapampando, ndikulengeza kwa mamembala ndi onse otifunira zabwino kuti pamunda sipamangidwa chipilala, sipazikidwa mtanda, ndipo sipabzalidwa mtengo wachikumbutso, ngakhale mitima yathu ikufunitsitsa kutero. Bambo Yahya, m'bale wanga, lole ipume, ndipo mchenga mubweze kumene munaupeza. Chiliza chidzamangidwa kumanda ku Dedza, kumene thupi lipite mwambo wa kuno ukatha, ndipo kumeneko palibe adzandigwire dzanja: chidzaoneka kuchokera kumsewu wa ku Lilongwe.

Loweruka lomwelo m'mawa tikumane pageti la munda, aliyense atavala majombo, Akhristu ndi Asilamu limodzi monga timachitira pokolola. Magalimoto musiye kumsewu, asaponde udzu. Tidzayenda malire onse, chikhomo ndi chikhomo, tidzajambula ndi kulemba zimene malemu ankalemba, kuti lipoti la chaka chino lifike ku boma pa nthawi yake, lisakhale loyamba kuchedwa chifukwa choti mwini wake wagona.

Kwa inu Mayi Msusa, kwa Nthanda ndi abale ake, ndi kwa akuluakulu a banja amene akudikira mwana wawo kumudzi, m'malo mwa komiti ndi mamembala onse a Tilime Limodzi ndikuti pepani, pepani kwambiri. Maliro awa si anu nokha, pakuti palibe khomo la Mmalawi mumzinda uno limene silinadyepo ndiwo za m'munda umene bambo awa anautchinjiriza. Mulungu wachifundo akupatseni mphamvu m'masiku ovutawa, akuyendetseni bwino paulendo wautali wa kumudzi, ndipo mzimu wa Bambo Norbert Msusa uuse mumtendere.

Wa ku boma akadzatsegula lipoti lathu adzaona munda womwewo, dambo lomwelo ndi khola lomwelo, ndipo adzati palibe chasintha. Ife tokha ndi amene tidzadziwe kuti pachikhomo paja panaima munthu wina.

Ine wolira nanu,

Webster Nkhwazi
Wapampando, Tilime Limodzi
Scarborough, Toronto