Nsapato za pakhomo pa a Pyo

Daegu, 6 Okutobala

Pulofesa Ok andibwezeranso pepala langa. Ati kufufuza munthu m'modzi si sayansi, ndi miseche. Akufuna ndigawe mafunso kwa ophunzira mazanamazana, apo ayi sadzasaina kuti ndimalize digiri. Ndinawerama, ndinathokoza, mumtima ndikutukwana. Ndikawapeza kuti mazana a anthu onga a Pyo? Matendawa sagulitsidwa pamsika.

11 Okutobala

Kwa a Pyo. Chidwalireni sitiroko sazindikira nkhope, ngakhale ya akazi awo. Maso ali bwinobwino. Anali dalaivala wa basi amene ankadziwa wokwera aliyense, koma lero amaweramira aliyense poopa kunyoza wamkulu. Pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok anaweramira mdzukulu wawo. Abale anaseka, iwo anakalira kubafa.

Lero andiululira nzeru yawo. Asanalowe m'nyumba amayamba ayang'ana nsapato zovulidwa pakhomo, n'kudziwa amene ali mkati. "Zako ndi zija zong'ambika kuchala. Kodi kusukulu kwanuko sakulipirani?" Taseka, tadya mbatata yootcha.

Zimenezi pa pepala la mafunso zingatuluke?

24 Okutobala

Yeon-ju, mnzanga wa m'kalasi, akuti ndikulimbana ndi mtunda wopanda madzi. Iye anagonja kale, anagawa mafunso ake, akugona tulo. Amayi anga pafoni: lendi, ukwati, lendi.

Ndikudziwa kuti za munthu m'modzi sizinganenedwe za onse. Ndinanena liti zimenezo? Ine ndikuti tiyambe taona m'modziyu mpaka timumvetse. A Pyo sindiwataya. Ndapempha kukadziyankhira ndekha ku komiti ya aphunzitsi pa 14 Novembala.

9 Novembala

Uchitsiru wanga. Ndinagula nsapato zakuda zokaonekera nazo ku komiti, n'kupita nazo kwa a Pyo. Ndinawapeza atachokapo, ndinakhala ndi akazi awo. Pobwera a Pyo anaima pakhomo nthawi yaitali. Analowa, anandiweramira mpaka pansi. "Takulandirani. Pepani, ndinu ndani kodi?"

Miyezi yonseyi! Nditayankhula anazindikira mawu. Ati, "Usamandibisalire, mwana wanga. Anthu amene ndimawadziwa atsala ochepa."

Ndalira m'basi osachita manyazi. Ine wolemba za nsapato, n'kuiwala nsapato.

13 Novembala

Zakuda zija ndampatsa Yeon-ju. Akuti ndapenga, koma walandira.

Mawa ndivala zong'ambikazi. Pulofesa Ok adzayang'ana pansi n'kukwinya nkhope, ndikuwadziwa. Akafunsa ndiyambira pomwepo, ndipo amva za a Pyo mpaka kumapeto, afune asafune. Mantha ndili nawo. Akakana kusaina, akane, digiri idikire.

Loweruka a Pyo akundiyembekezera. Pakhomo adzapeza nsapato zimene amazidziwa.