Legini Yanga Yong'ambika

Kroondal
Julaye, 1996

Okondedwa achemwali Safiya,

Asalamu alaikumu. Muli bwanji ku Mangochiko? Nanga amayi, mwendo uja ukuwalola kuyenda? Ife kuno Mulungu akutisunga, kungoti thupi latopa.

Ndikadali pa ganyu yothyola malalanje ku Buffelspoort. Lole imatitenga mmamawa, ndipo chisanu cha kuno chimalowa mpaka m'mafupa. N'chifukwa chake m'kati mwa chitenje ndimavala kabuluku kothina kotanuka, kuno amati legini. Amayi musawauze, angati Joni yandiwononga.

Sabata yatha ndikutsika pa makwerero, msomali unaikola, n'kuing'amba kuchokera pa bondo mpaka m'ntchafu. Ndili nayo imodzi yokhayo. Loweruka ndinaisoka, koma nditangowerama ulusi unaduka. Ndinasokanso, unadukanso. Nsaluyi imatanuka, pomwe ulusi sutanuka. Kachitatu ndinangoiponya pansi n'kuyamba kulira, ndipo sikuti ndinkalirira legini yokha ayi.

Mukudziwa kuti chichokereni kuchipatala, mwala utawadula zala ziwiri mu mgodi, alamu anu, bambo a Safina, amangokhala pakhomo kuyang'ana msewu. Ntchito inatha. Kulankhula ndi mwa apo ndi apo. Tsiku limenelo anatola legini ija, n'kundiuza kuti ndiwalowetsere ulusi pa singano, ndibweretsenso botolo. Botololo analilowetsa mu mwendo wa legini kuti nsalu ikokeke, n'kuyamba kusoka mokhotakhota, singano ataipana ndi zala zitatu zotsalazo. Inawapulumuka kangapo, inawabayanso. Nditafuna kuwalandira anakana, amvekere telala salandidwa singano ndi kasitomala. Anamaliza dzuwa litapendeka. Ndaivala masiku onsewa, sinasosoke.

Kutacha dzanja linali litatupa, ngakhale kapu ya tiyi inawakanika. Komabe anandifunsa za makina awo aja ankasokera pa khonde la sitolo tisanabwere ku Joni. Akuti pa makina zala zitatu zikwana, ntchito yaikulu ndi ya miyendo.

Ndiye pempho langa ndi ili, achemwali. Pitani kwa alamu Halidi mukawauze kuti makinawo asagulitse, chifukwa tinamva kuti pali amene akuwafuna. Amasule mutu wokha, aukulunge bwino m'bulangete, apatsire a Haji aja amayendetsa katundu akamabwerera kuno mwezi wa mawa. Miyendo yake tidzaona konkuno. Kaya anthu azidzabwera kudzasoketsa, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti akapitiriza kukhala pakhomo chonchi, ndiwataya akadali moyo. Musazengereze, a Haji akanyamuka palibenso wina wodalirika mpaka chaka chamawa.

Mundiperekere moni kwa amayi, kwa amalume, kwa alamu anga ndi ana onse. Safina wanu akuti moni, ngakhale Chitswana ndiye chadzadza m'kamwa mwake. Bambo ake nawonso akuti moni, ndipo ulendo uno anena okha, sindinachite kuwanenera.

Ndilekeze pomwepa, msana sukundilola kukhala pansi nthawi yaitali.

Ndine mng'ono wanu,
Sauda