Chitenje cha Nsomba Zobiriwira

Lachinayi. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga sukukhazikika.

Masana tinakumana ku Mpingwe, ife amayi osoka zofunda za zigamba. A Eneless, amene alowa gulu lathu posachedwapa, anatambasula chofunda chawo pamkeka. Pakati penipeni anasokererapo chitenje cha nsomba zobiriwira. Nditachiona ndinadzibaya chala ndi singano.

Chitenje chimenechi ndikuchidziwa. Mwezi watha ndinachipeza m'jumbo, pansi pa mpando wa minibasi imene amayendetsa amuna anga, bambo a Tadala. Ndinachibwezera pomwepo ndikumwetulira, poganiza kuti ndi mphatso yanga. Mpaka lero sichinafike pakhomo pano.

Ndinafunsa ngati ndikungocheza: "Nsalu yokongola chonchi munagula kuti, asisi?"

"Anandipatsa achimwene," anayankha osandiyang'ana. Komatu sabata yatha anatiuza okha kuti kwawo anabadwa akazi okhaokha.

Ndikudziwa kuti zitenje zofanana ndi zambirimbiri m'mashopu a mu Limbe. Mwina ndikungoganizira zoipa anthu osalakwa. Nanga bwanji anazengereza kundidulira kansalu kotsala ka chitenjecho kamene ndinawapempha?

Nditafika kunyumba ndinachotsa chigamba chimodzi pa chofunda chathu cha pabedi, n'kusokererapo kansalu ka a Eneless, mbali imene amagona bambowo, pafupi ndi pilo. Sindiwafunsa chilichonse. Ndingoyang'ana nkhope yawo akamavundukula chofundacho. Akachita ngati sakukadziwa, sindikudziwa ngati ndikhulupirire.

Ndamva hutala ya minibasi pageti. Afika, ndipo chala chikupwetekabe.