Kagalimoto ka apongozi kandikanika kuliza

Aphungu,

Ndine makaniko wa maminibasi pa galaja ina ku Kabwata mu Lusaka, ndipo pa zaka khumi ndi zinayi palibe injini imene inandigonjetsapo. Lero ndikulemba manyazi atandigwira, chifukwa chandigwetsa ndi kainjini kochepa ngati chibakera changa.

Ndili pa chibwenzi ndi Febby wa ku Woodlands. Bambo ake, a Chibwe, anapuma pa ntchito ya boma, ndipo mwana wawo wina wa ku Joni anawatumizira kagalimoto koyendetsa ndi rimoti, kokhala ndi injini yeniyeni yomwa mafuta akeake a m'botolo. Akuluwo amakakonda ngati mdzukulu. Sabata yatha ndinawapeza pabwalo akukoka chingwe cholizira, kagalimoto kali duu. Pakamwa panandipereka. Ndinati, "Ba tata, ine nimautsa mabasi yakufa tsiku na tsiku. Aka ni katoyi chabe, nipatseni."

Anamwetulira, n'kuloza bokosi lake. "Tenga na kachitsulo kali mu bokosi umo," anatero. Ine ndi matama anga ndinayankha, "Iyai ba tata, nili na matulusi yanga." Sanatsutse. Anangoti, "Ubwele nako pa Sande, timve mwamene kalilila." Aphungu, Lamlungu lomwelo ndi tsiku limene amalume anga akupita kukandifunsira ukwati!

Kugalaja ndinamasula pulagi kuti ndione ngati ikuthetheka. Zii. Ndinaigunditsa ku batire ya minibasi, inangoti ng'ani kamodzi, kawaya ka m'kati n'kupseratu. Ndinaibwezera mwakachetechete. Kenako ndinaganiza kuti mafuta sakufika, choncho ndinatseka ekizozi ndi chala n'kukoka chingwe kambirimbiri. Tsopano chingwecho chauma gwa, sichikusuntha. Pomaliza ndinagwada n'kuyamba kukakankha pabwalo monga timachitira ndi basi ikakana. Mnzanga Nkandu anaseka mpaka misozi, amvekere, "Ba bosi, niitane makondakita bakuthandizeni kukankha?"

Febby sakudziwa chilichonse, ndipo mtima wanga uli m'mwamba. Kodi ndithiremo petulo? Ndikoke chingwe mwamphamvu? Kapena ndikangonena kuti kanabwera kakufa kale kuchokera ku Joni?

K.M., Kabwata

A K.M.,

Pepani, koma nanenso ndaseka limodzi ndi Nkandu. Ine za injini sindidziwa, ndiye ndachita chimene inu munakana kuchita: ndafunsa. Kuno ku Chelstone ndayandikana nyumba ndi a Dunstan, amene amatisokosa Loweruka lililonse ndi timagalimoto totere. Atamva za batire ya minibasi anagwira mutu n'kunena kuti, "Uyo munthu aphika pulagi."

Vuto lanu ndi lakuti mukukaona ngati mwana wa minibasi, pamene si mtundu umodzi. Pulagi yake sithetheka ayi. Ili ndi kawaya kamene kamangofiira ngati khala, ndipo kamafuna moto wochepa zedi, wa batire imodzi ya tochi. Inu munakamwetsa moto wolizira basi yonse. Pulagiyo yapita, musavutike n'kuipukuta, ikufunika ina.

Chingwe chauma chifukwa mwadzaza mafuta pamwamba pa pisitoni, ndipo ilibe popita. Musachikokenso ngakhale pang'ono, mungachidule kapena kuthyola zam'kati, mavuto n'kukhala awiri. Masulani pulagi, tembenuzani kagalimoto matayala aloze kumwamba, phimbani kabowoko ndi kansalu, ndipo kokani pang'onopang'ono mpaka mafuta onse atuluke. Nkhope ikhale kutali, mafuta amenewo ndi oipa m'maso. Mudzaona chingwe chikufewa chokha.

Mukaika pulagi yatsopano, tsekani ekizozi ndi chala n'kukoka kawiri kapena katatu basi, mukuyang'ana kapaipi kodutsa mafuta. Mafuta akangofika pa kabuleta, chotsani chala. Pokoka, kokani mwachangu koma mofupikitsa, osati mpaka chingwe chithere ngati mukuliza jenereta ya pa msika. Tizitsulo tosinthira mafuta musatipotoze mwachisawawa. Za kukankha iwalani, matayala ake sazunguza injini, mukhoza kukankha kuchoka ku Kabwata mpaka ku siteshoni ya mabasi ya Intercity kali chete. Petulo ndiye ayi ndithu. Gwiritsani ntchito mafuta a m'botolo lake okha.

Tsopano tifike pa fupa lenileni. Ngakhale mutachita zonsezi, kagalimotoko sikalira popanda chinthu chimodzi, kachitsulo kokhala ndi batire m'kati kamene amakakhomeka pa pulagi kuti ifiire pamene mukukoka chingwe. Mukudziwa kumene kali? M'bokosi lija ku Woodlands. A Dunstan akuti mwina batire yake inangotha moto, n'chifukwa chake akuluwo kanawakanira, ndiponso m'mabokosi otere nthawi zambiri mumakhala pulagi ina yapadera. Ntchito ya mphindi khumi mwaisandutsa ya sabata. Safunsa anadya phula, ndipo inu mwadya ndi chisa chomwe.

Bodza la ku Joni lisiyeni. Munthu amene wakhala akuliza kagalimoto kake pabwalo pake angakhulupirire bwanji kuti kanabwera kakufa? Auzeni a Febby lero, aseke amalize. Loweruka, amalume asanapite, kwerani basi mupite nokha kwa a Chibwe. Mukakhale pansi mwaulemu n'kunena kuti pulagi mwaipsereza ndinu, mupezanso ina, ndipo mwabwerera kachitsulo kaja. Mukalize kagalimotoko muli awiri, iwo agwire rimoti, inu mukoke chingwe.

Chenjezo langa ndi ili. Bambo amene akukupatsani mwana wake alibe nazo ntchito ngati mumadziwa injini zonse za mu Lusaka. Akufuna kuona zimene mumachita mukawononga chinthu chimene iye amachikonda. Lamlungu mukupita kukapempha chamtengo wapatali kuposa katoyi, ndipo a Chibwe amudziwa Febby zaka zambiri kuposa inu. Akakulozeraninso bokosi, musadzanene za matulusi anu. Landirani ndi manja awiri.

Phungu wanu