Mfundo za pa Chitenje cha Keziya

Kaporo, Karonga
19 Meyi 2024

Okondedwa achemwali Esnart,

Ndikhulupirira kuti inu, alamu ndi ana muli bwino ku Ntcheuko. Ife kuno tadzuka. Madzi aphwera m'madambo, mpunga wayamba kucha, ndipo kuchigayo komwe ndimagwira ntchito tikutsuka makina.

Pa foni mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba. Munandipempha kuti teremu ikatha ndikutumizireni Tusekile mukamulere inu, poti mwana wamkazi amafuna dzanja la mayi. Ndinati ndiganize kaye, koma mumtima ndinali nditavomera. Chikwama chake ndinachitsitsa kale pamwamba pa kabati.

Mukudziwa momwe zinthu zinalili chitisiyireni Keziya. Ndikamutuma mchere, sopo ndi machesi, Tusekile ankabwera chimanjamanja, ali ndi nkhani ya ng'ombe yomwe yabereka kwa a Lyson. Nyemba zinapserera pamoto kangapo. Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu ndi nsapato imodzi, osadziwa pomwe inzake inatsalira. Anthu oyandikana nafe anayamba kunong'ona kuti mayi ake akumuitana. Ine sindinkamudzudzula, chifukwa kukalipa sindikutha.

Aphunzitsi ake, a Khumbize, ndiwo anandiitanitsa. Anati, "Bambo a Tusekile, mwana wanuyu nzeru ali nazo, koma pa benchi amakhala ngati pali linthumbu. Mkwapulo sungathandize. Kamuonetseni kuchipatala cha kuboma."

Tinapita maulendo angapo. Kumeneko kuli anamwino ena, a Fainess, oona za maganizo. Anandifunsa zambiri, anafunsanso aphunzitsi. Atandifunsa ngati zimenezi zinayamba maliro atachitika, ndinatsala pang'ono kuvomera. Kenako ndinakumbukira kuti mwanayu ndi momwe analili chiyambire kuyenda, kungoti Keziya ali moyo sizinkaoneka. Chisoni changowonjezera.

A Fainess anati vutoli dzina lake ndi ADHD. Si mwano, si ulesi, ndipo palibe womuitana. Maganizo ake amathawira ku chilichonse chimene chadutsa, ndipo thupi lake silifuna kukhala phee. Anandilangiza kuti ndizimuuza chinthu chimodzi pa nthawi, ndikumuyang'ana m'maso. Kuti kudzuka, kudya ndi kugona zizikhala pa nthawi yake tsiku lililonse. Kuti azithamanga ndi kusewera mokwanira. Ndiponso kuti akachita bwino ndizinena pomwepo, osadikira kuti alakwe ndiye ndiyankhule. Mankhwala akuti alipo ndipo ena amawathandiza, koma tagwirizana kuti tiyambe taona izi.

Pomaliza anatembenukira kwa Tusekile, yemwe nthawi imeneyo anali atakwera pa sikelo n'kumadziyeza ndi mwendo umodzi.

"Iwe mtsikana, amayi ako ankakukumbutsa bwanji zinthu?"

"Ankamanga mfundo," anatero osatsika n'komwe.

"Mfundo zanji?"

"Pa chitenje. Ya madzi, ya mbale, ya yunifomu. Ndikachita ndimasule. Koma azakhali anazimasula."

Achemwali, mukuchikumbukira chitenje chobiriwira chija, chothetheka, chimene Tusekile sankachisiya pa maliro? Pochapa zovala za malemu munachipeza chili ndi mfundo m'mphepete, munazimasula, n'kuchisita bwinobwino. Simunalakwe, inenso ndikanamasula. Ndinkawaona awiriwo m'mawa uliwonse atagundanitsa mitu pakhonde, ine n'kumati ndi masewera a mayi ndi mwana. Keziya sanalidziwe dzina lachingerezilo, koma mwana wake ankamudziwa.

Tsopano timamanga tonse. Iye amatchula ntchito mokweza, ine ndimanga. Tsiku loyamba ndinamanga zambiri, iye anaseka nati, "Tata, ichi ndi chitenje kapena chingwe cha mbuzi?" Ndiye timamanga zochepa, zikatha tiwonjezere. A Khumbize amukhazika kutsogolo, ndipo akaona kuti miyendo yayamba kuvina amamutuma kufufuta bolodi kapena kugawa mabuku. Masamu oloweza Tusekile amawanena akuyenda m'mizere ya mpunga, uku akuingitsa mpheta. Pamenepo ndiye salakwitsa.

Sindikunena kuti zonse zatha. Sabata yatha anamasula mfundo ya madzi asanatunge, akuti inkamukanda pamimba. Dzulo anasiya pensulo kumunda. Koma nyemba sizinapsererenso, ndipo ine ndasiya kumuyang'ana ngati mwana amene akundichoka m'manja. Tulo ndayamba kutipeza.

Pali mfundo imodzi yaing'ono pakona, yothina kwambiri, imene inakukanikani kumasula. Ndinaona kuti madzulo aliwonse amaigwira koma saimasula. Ndinamufunsa kuti ndi ya ntchito yanji.

"Iyi si yanga, Tata, ndi yanu. Amayi anamanga tsiku lomwe ankapita kukagonekedwa kuchipatala lija. Anati ndiziona ngati mwadya."

Kenako ndinati, "Nanga poti ndadya, bwanji sukumasula?"

"Mawa simudyanso?"

Ndinalowa m'nyumba n'kubwezera chikwama chija pamwamba pa kabati.

Choncho, achemwali, mundikhululukire, Tusekile sabwera kudzakhala nanu. Ndikuthokoza chifukwa cha mtima wanu, ndikudziwa kuti munali mutamukonzera kale pogona. Pa holide ya Ogasiti tidzabwera tonse awiri kudzacheza, ndipo tidzakutengerani mpunga wa Kilombero watsopano, umene mpheta zatisiyira. Ngati muli ndi chitenje chakale chosagwiritsa ntchito mutisungire, chifukwa chobiriwiracho chayamba kung'ambika ndipo ndikufuna chipumule. Koma mukadzachiona chili pa chingwe, musadzachisite.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Clifford ndi Thandiwe, ndi onse a kumpingo amene amatikumbukira m'mapemphero. Tusekile akuti moni, ndipo akuti za mfundo zija sanakwiye. Ndilekeze pomwepa, wayima pakhomo ndi mbale m'manja, chala chili pa mfundo ija.

Ndine mlongo wanu,
Patson